Ntchito Yolowera Kuseri Ili ndi Mwini Wake

Ana anga, ndimakuonani pa Boma ndi pa Chitakale mutapanira maenvulopu a khaki m'khwapa, mukufunsana ngati khonsolo yatulutsa mipata ya ntchito. Ndimamvanso zimene mumauzana miyendo ikatopa: akuti masiku ano satifiketi ndi pepala chabe, chachikulu n'kudziwika, akuti wopanda msana asadzivute n'kulemba kalata chifukwa maina anasankhidwa kale. Ine ndakalambira m'maofesi a boma, choncho sindingakunamizeni kuti zoterezi kulibe. Zilipo. Koma okulangizani pamsewuwo pali mbali imodzi imene satchula: ntchito yolowera pakhomo la kuseri imakhala ndi mwini wake, ndipo tsiku lina mwini wakeyo amabwera kudzatenga zake.

Njala yanu ya ntchito ndikuimvetsa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lathu la Mulanje lili ndi anthu oposa 680,000, pamene malo ambiri achonde a m'tsinde mwa phiri ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Munda umene agogo anu ankadyetsa nawo banja lonse wagawidwagawidwa mpaka kutsala mizere yowerengeka. Ganyu wothyola tiyi amachuluka mvula ikagwa, chilimwe chikafika n'kuzilala. Anzanu ena anawolokera ku Mozambique pa Muloza, ena ali ku Joni. Ndiye munthu akamva za ntchito ya malipiro a mwezi ndi mwezi, yokhala ndi penshoni kumapeto kwake, mtima umathamanga. Mu 2020 unduna wa zaumoyo utaitana achinyamata ku mafunso a ntchito ya alangizi a zaumoyo m'midzi, anthu anakhamukira miyandamiyanda, moti ku Mzuzu ena anavulala pokankhana. Pamene mipata ili yochepa chonchi ndi pamene pamafunika njira yosankhira imene ngakhale wolephera angaivomereze.

Dziwani kuti lamulo lili kumbali yanu. Mu 1998, chaka chomwe Phalombe anapatulidwa ku Mulanje kukhala boma palokha, dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Cholinga chinali chakuti sukulu za pulayimale, zipatala, misika, misewu ya m'midzi ndi ulangizi wa zaulimi ziziyendetsedwa pafupi ndi eni ake, zisamadikire Capital Hill pa chilichonse. Kuti makhonsolo akhale ndi anthu odziwa ntchito, pali bungwe la Local Government Service Commission, limene ambiri timangoti LASCOM, loona za kulemba ntchito, kukweza ndi kulanga ogwira ntchito a maudindo akuluakulu. Lamulo la ogwira ntchito m'boma la 1994 limati munthu alembedwe ndi kukwezedwa poona kuyenera kwake. Gawo 193 la malamulo aakulu a dziko limaletsa wogwira ntchito m'boma kulola ndale kusokoneza ntchito yake.

Papepala zonse zilipo, koma ulendo wake wakhala wa zikhutepa. Makhansala oyamba pansi pa ndondomekoyi anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo mpaka 2014 makhonsolo anayenda popanda khansala wofunsa mafunso m'malo mwa anthu. Mu 2010 aphungu anasintha lamulo la maboma ang'onoang'ono lija n'kupereka kwa nduna mphamvu yosankha bwana DC. Phunzirani pamenepa kuti lamulo likhoza kupindidwa ndi amene analilemba. Chimene sichipindika msanga ndi chizolowezi cha anthu okhala m'maofesi, ndipo anthu amenewo mawa ndinu.

Pa ofesi ina imene ndinagwirako panabwera mnyamata waulemu, wanzeru ndithu, amene analowa ntchito ya ukalaliki wa za ndalama chifukwa bwana wina anamunenera. Miyezi yoyamba zonse zinali bwino. Kenako bwana uja anayamba kumuitana madzulo, anthu ataweruka. Patebulo pamakhala vocha ya maalawansi a msonkhano, kumbuyo kwake mndandanda wa anthu amene akuti anabwerako. Ukauyang'anitsitsa mndandandawo, masiginecha onse anali a dzanja limodzi ndi cholembera chimodzi, kungosintha kapendekedwe. Mnyamatayo anayesa kuzengereza, bwana n'kungomufunsa mofatsa kuti, "Iwe, pampando wakhalapopo unafikapo bwanji?" Anasaina. Atasaina kamodzi, kachiwiri sanafunsidwenso. Ofufuza mabuku atabwera, bwana anali atasamutsidwa kale, ndipo dzina limene linali pa mavocha onse linali la mnyamata uja. Kumbukirani kuti pa Cashgate ya 2013, ena mwa oyamba kugwidwa ndi ndalama anali akalaliki ang'onoang'ono. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Amene analowa ndi mayeso akhoza kukana vocha yotere mutu uli m'mwamba, poti palibe amene angamukumbutse ngongole.

Komabe wolipira kwambiri si wolembedwayo ayi. Taganizirani za woyang'anira zomangamanga wa khonsolo. Wodziwa ntchito akafika pa buloko ya sukulu imene kontilakita akuti yatha, amatsika m'galimoto, n'kutola msomali, n'kukanda matope a pakati pa njerwa. Akangoyoyoka ngati mchenga wa mumtsinje, amadziwa kuti simenti ina inapita kumsika. Amawerenga matumba opanda kanthu, amakumba pambali pa maziko kuti aone kuya kwake, amakwera kukaona ngati matabwa a denga anamangiriridwa kukhoma. Wolowa chifukwa cha msana amasaina chikalata cholipirira ali pampando wa galimoto, chifukwa ngakhale atatsika sakudziwa choti ayang'ane. Kuno kwathu mvula si yamasewera. Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila zikadzaza sizifunsa kuti womanga mlatho anali mwana wa yani. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatigwetsera matope ndi miyala kuchokera kuphiri, anadula misewu ndi milatho, anatenga miyoyo ya abale athu. Madzi amenewo panalibe wowaletsa. Koma atadutsa, panafunika munthu wodziwa kulemba mndandanda woona wa ovutika, wodziwa kusunga mabuku a thandizo, wodziwa kunena kuti apa musamangeponso. Nthawi ngati imeneyo ndi pamene boma limakolola anthu amene linawalemba ntchito zaka zam'mbuyo.

Masiku ano kulemba munthu wosayenera kumaluzitsanso ndalama zooneka. Mu 2020 panayamba pulojekiti ya GESD, ya ndalama zokwana madola 100 miliyoni zochokera ku World Bank, yopereka ndalama zachitukuko kwa makhonsolo a maboma 28 potengera momwe akhozera pa kawuniwuni wa chaka ndi chaka. Amayang'ana ngati mabuku a ndalama ali bwino, ngati kugula katundu kunatsata njira, ngati ntchito zoyambidwa zinamalizidwa. Khonsolo yolephera zoyenereza imamanidwa. Ndiye kuti akauntanti mmodzi wosadziwa ntchito akhoza kumanitsa mudzi wa kwa Mabuka kapena kwa Juma chipatala chaching'ono chimene amayi akhala akuchilira zaka zambiri.

Musaganize kuti matendawa ndi a Amalawi okha. Ku America kale pulezidenti akapambana ankachotsa ogwira ntchito m'boma n'kuikamo omutsatira, ndipo m'mizinda ngati New York ntchito za upolisi ndi zosesa misewu zinali mphotho ya chipani. Mu 1881 munthu wina dzina lake Charles Guiteau, amene ankadziona kuti ayenera kupatsidwa udindo chifukwa chochemerera chipani, anawombera ndi kupha Pulezidenti James Garfield atamanidwa ntchitoyo. Imfa imeneyo inadzidzimutsa dziko, ndipo mu 1883 anakhazikitsa lamulo la Pendleton lakuti ntchito za boma zizilowedwa ndi mayeso. Poyamba linakhudza gawo limodzi mwa magawo 10 a ntchito za boma lalikulu, ndipo mizinda inatsatira pang'onopang'ono, ina mokokedwa. Ku Britain lipoti la Northcote ndi Trevelyan linanena zomwezo mu 1854, koma mayeso otsegukira aliyense anayamba mu 1870. Ku China ndiye anayamba kalekale, ndipo mayeso olowera ntchito za mfumu anakhalapo zaka zoposa 1,000 mpaka 1905. Konseko sikuti anthu anasiya kukonda abale awo. Anangogwirizana njira yomangira manja a wosankha, kuti ngakhale atafuna kukondera, alephere.

Njira imeneyi muidziwe bwino, chifukwa ena mwa inu posachedwapa mukhala mbali ina ya tebulo. Mpata wa ntchito ulengezedwe poyera, m'nyuzipepala ndi pa bolodi la khonsolo, ndi nthawi yokwanira kuti wa ku Muloza ndi wa ku Nkando aumve. Zoyenereza zilembedwe envulopu ngakhale imodzi isanatsegulidwe, kuti pasakhale wosoka zoyenereza molingana ndi thupi la mphwake. Kalata iliyonse yofika ilembedwe m'kaundula ndi tsiku lake. Osankha oitanidwa ku intavyu akhale angapo. Pa intavyu onse afunsidwe mafunso ofanana, ndipo wofunsa aliyense alembe malikisi ake ndi cholembera cha inki, asaine, kenako ndiye akambirane ndi anzake. Mukayamba ndi kukambirana, mawu a wamkulu ndiwo amasanduka malikisi a onse. Masatifiketi atsimikizidwe ku MANEB kapena ku koleji imene inawapereka. Inu amene munalemba MSCE mu 2020 mukudziwa kuwawa kwa mayeso obedwa, pamene boma linaimitsa mayeso pakati n'kukulembetsaninso chaka chotsatira. Satifiketi yogula ndi pakhomo la kuseri lomwelo, kungoti lili kutali pang'ono ndi ofesi.

Ku esiteti wothyola tiyi aliyense amadziwa kuti dengu limakwera pa sikelo anthu akuona. Kapitawo atati aziwonjezera makilogalamu pa dengu la mlamu wake, m'mundamo simungagonedwe. Nanga bwanji timakhala chete sikelo ya ntchito za boma ikamapendekedwa, chikhalirecho ndalama zolipira ntchitozo ndi misonkho yathu, kuphatikizapo ya mayi wogulitsa nanazi ndi mapeyala pa Limbuli?

Tsiku losankha, foni idzalira. Mawu ake sasintha: "Pali dzina lina mulione bwino, lachokera kumwamba." Musakalipe, musalalikire. Yankhani mwaulemu kuti, "Ndamva bwana. Mungandilembere kakalata kuti ndiike mu failo?" Malamulo ambiri otere amafera pamenepo, chifukwa wofuna zokhota saika dzina lake papepala. Akaumirira, lembani nokha m'buku lanu tsiku, nthawi ndi zimene ananena, ndipo onetsetsani kuti maminitsi a komiti akunena zimene zinachitikadi. Wogwira ntchito m'boma alibe mfuti kapena gulu lomuchemerera. Chomuteteza ndi failo yosungidwa bwino.

Chovuta kuposa foni ya bwana ndi kugogoda kwa mlongo wanu. Kuno kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo wanu akakhala pakhomo ndi MSCE yake, mudzi wonse umayang'ana inu. Adzakukumbutsani kuti chibale ndi fupa, sichiola. Adzati munaphunzira ndi ndalama za nandolo wa amayi, lero mwatukumuka. Sindikuti muwataye abale anu. Mphwanuyo mulipirireni fizi abwereze phunziro limene analakwa. Muuzeni mpata ukatuluka, monga mungauzire wina aliyense. Khalani naye pakhonde mumuphunzitse kulemba kalata yofunsira ntchito ndi kuyankha mafunso osanjenjemera. Koma dzina lake likapezeka pa mndandanda umene inu mukusankha, imirirani, nenani kuti uyu ndi mbale wanga, tulukani m'chipindamo. Akapambana inu mulibe, ntchitoyo ndi yake mpaka kalekale. Mukamulowetsa ndi dzanja lanu, anzake adzamunena kuseri moyo wake wonse, ndipo tsiku limene inu mudzagwe adzagwa nanu. Kumbukiraninso kuti pa mndandanda womwewo pali mwana wamasiye wa kwa Chikumbu amene alibe malume aliyense mu ofesi. Njira yolungama ndiye malume wake yekhayo.

Za mtundu ndi chipani ndinene mosapsatira. Palibe boma limene lalamulira dziko lino osanenedwa kuti likukondera kwawo. Nthawi ya Kamuzu munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo la msika, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, sukulu za kuno n'kutsala ndi mipata. Chiyambire ndale za zipani zambiri, chigawo chilichonse chimene mwana wake anakhala pampando chinanenedwapo, ife a kuno kummwera osatsalira. Mudzamva anthu akuti ino ndi nthawi yathu, tidyerere. Werengani zaka: ulamuliro unasintha manja mu 1994, mu 2012, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025. Inu mukalowa ntchito muli ndi zaka 25, mudzaona maboma angati musanapume? Wolowa ndi nsalu ya chipani amakhala ndi mantha chisankho chilichonse. Voti yanu ndi yanu, kaponyeni kumene mtima wafuna. Koma pa kauntala ya khonsolo, wovala buluu, wofiira, wachikasu kapena wobiriwira alandire chithandizo chofanana.

Chenjeraninso ndi akamberembere. Mpata wa ntchito ukangolengezedwa, pamatuluka anthu oimba foni odzitcha a ku likulu, oti tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba dzina lanu lilowe. Ntchito ya boma sigulitsidwa. Ambiri mwa oimbawo sadziwa ngakhale khomo la ofesi imene akuitchula, ndipo makolo agulitsa mbuzi ndi njinga chifukwa cha iwo. Ngati woimbayo alidi wa mkati, ndiye kuti mwagula malo m'gulu la mbava musanalandire ndi malipiro oyamba omwe.

Mukalowa mwachilungamo, musaganize kuti mayeso atha. Ndaona anthu olowa bwino akuola ali pampando: jekete pampando, mwini wake ali ku msonkhano wa alawansi, gogo wochokera ku Thuchila ndi kalata ya malo akuuzidwa kuti abwere mawa, mawa lake losafika. Kuyenera kumene kunakulowetsani kuzioneka Lolemba lililonse. Werengani malamulo a ntchito yanu mpaka muwadziwe kuposa bwana wanu. Mpata wa maphunziro ukapezeka, kaya ku Mpemba kumene tsopano kuli pansi pa Malawi School of Government, kaya kwina, pitani mukaphunzire, osati kukangosaina. Mukakhala oyang'anira anzanu, lembani zoona pa fomu younikira kagwiridwe ka ntchito. Kupatsa aliyense malikisi abwino kuti musadane ndi munthu n'kubera wolimbikira, chifukwa pokweza anthu sipadzakhalanso chosiyanitsa, ndipo zikatero msana ndiwo umalamula.

Sindikulonjezani kuti njira iyi ndi yosalala. Wokana dzina lochokera kumwamba nthawi zina amalandira kalata ya transifa yopita kumene basi imafika kamodzi patsiku. Ena amakhala pa giredi imodzi zaka zambiri akuona ana a dzulo akuwadumpha. Zimawawa, makamaka fizi ya ana ikafika. Koma simuli opanda pothawira. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kulembedwa, kukwezedwa ndi kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, ndipo inalamulapo kuti anthu olembedwa mokhota m'mabungwe a boma achotsedwe. Bungwe la ACB lilipo chifukwa cha lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995. Khoti loona za ntchito liliponso. Ndipo kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito. Zipangizo zimenezi zimayenda pang'onopang'ono, koma zimayenda ndi mapepala, n'chifukwa chake ndakuuzani kuti muzisunga mapepala.

Ambiri a inu simudzalembedwa ntchito ku khonsolo, poti mipando ndi yochepa. Komabe khonsoloyo ndi yanu. Mukalephera intavyu, lembani kalata yaulemu yofunsa kuti munaperewera pati. Ofesi yosankha mwachilungamo sichita mantha ndi funso limenelo. Lowani m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kwanuko, musawasiyire okalamba okha. Funsani khansala wanu kuti mipata imene ili yopanda anthu ku khonsolo ndi ingati, inalengezedwa liti, ndipo otolera matikiti a msika analembedwa motani. Mukaona mnzanu wapambana moyenera, muyamikireni poyera ngakhale inu mwatsala, kuti achinyamata anzanu adziwe kuti zimatheka.

Ife a m'badwo wathu tinakusiyirani malamulo abwino ndi zizolowezi zosakanikira. Malamulowo simufunika kuwalembanso. Envulopu yanuyo kaiperekeni pakhomo la kutsogolo, muonetsetse kuti yalembedwa m'kaundula. Ndipo chaka chimene mudzakhale inu wotsegula maenvulopu a ana a anzanu, mudzawerenge zimene zili mkatimo musanafunse kuti kwawo n'kuti.